Akachisi a Mvula: Kodi Kupembedza Timabadwa Nako?

M'chaka cha 1866, mu mzinda wa London, Samuel Baker adaima pamaso pa akatswiri ofufuza za mitundu ya anthu. Adali atangobwerako ku ulendo wake wa ku mtsinje wa Nile, ndipo adawauza mosapsatira mawu kuti Adinka, Anuer ndi anansi awo sadziwa za Mulungu ndipo alibe chilichonse chimene amapembedza. Chaka chomwecho, mu mzinda womwewo, mudatuluka buku la Henry Rowley, mmodzi mwa amishoni a UMCA amene adafika ku Magomero mu 1861 motsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie. M'bukumo muli nkhani ya mayi wina wachimang'anja dzina lake Mbudzi, mlongo wake wa mfumu Chigunda.

Mvula idali itadula, mmera ukufota. Anthu adalambula malo n'kumangapo kanyumba. Amene adatsogolera mwambo ndi Mbudzi, dzanja ili kansengwa ka ufa, dzanja linalo kamphika ka mowa. Adalowa m'kanyumbamo n'kuyamba kuthira ufa pansi pang'onopang'ono, kenako mowa, uku akuitana Mphambe kuti amve kulira kwa anthu ake ndi kugwetsa mvula. Anthu panja ankavomera, akuwomba m'manja mwaulemu. Pambuyo pake padali kuvina ndi kuwaza madzi m'mwamba. Nthawi imeneyo n'kuti amishoniwo atakhala pa Magomero miyezi yowerengeka chabe, Chimang'anja chawo chikadali chodukaduka. Dzina la Mphambe adalipeza lilipo kale.

Mkangano wa ku Ulaya, wakuti kodi kuli anthu opanda chipembedzo, sudathe msanga. Edward Tylor, m'buku lake la 1871 lotchedwa Primitive Culture, adaonetsa kuti cholakwika chidali muyeso wa alendowo: akapanda kuona chofanana ndi chipembedzo cha kwawo ankangoti pano palibe kanthu. Andrew Lang mu 1898, kenako wansembe wachikatolika Wilhelm Schmidt m'mabuku ake 12, adapitirira pamenepo ponena kuti ngakhale mitundu ya alenje a m'nkhalango imadziwa za Mlengi wamkulu. Za Baker zidatheratu E. E. Evans-Pritchard atatulutsa buku lathunthu la chipembedzo cha Anuer mu 1956, ndipo Godfrey Lienhardt la Adinka mu 1961. Anthu aja ankanenedwa kuti sadziwa Mulungu adapezeka kuti nsembe za ng'ombe ndi mapemphero ndiwo moyo wawo wa masiku onse.

Komabe kupeza chipembedzo paliponse sikuyankha funso lakuti kodi timabadwa nacho. Moto nawonso uli paliponse. Palibe mtundu wa anthu umene umadya zaziwisi zokhazokha, koma palibenso khanda limene limabadwa likudziwa kupeka moto. Chinthu chikhoza kufala dziko lonse chifukwa chili m'magazi, chikhozanso kufala chifukwa m'badwo uliwonse umachisiyira unzake osaphonya. Mbiri ya akachisi a mvula a Achewa ndi Amang'anja imathandiza kusiyanitsa ziwirizi, chifukwa akachisiwo adakula, adalamulira dziko, ena adagwa, ndipo tikhoza kuona chimene chidafera limodzi nawo ndi chimene chidatsala.

Nkhani imayambira pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, kumalire a Malawi ndi Mozambique. Akuluakulu amati pachiyambi dziko lidali louma, lopanda chamoyo. Tsiku lina mitambo idasonkhana, mphezi zidang'anima, ndipo Chauta adatsika ndi mvula pamodzi ndi mwamuna ndi mkazi woyamba ndi nyama zonse. Adatera pathanthwe likadali lofewa, mwakuti mapazi awo adadindika pamenepo, pamodzi ndi zizindikiro za khasu, lichero ndi mtondo. Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere kufikira tsiku limene munthu adapeka timitengo tiwiri, kofewa ndi kolimba, n'kutulutsa moto. Tchire lidapsa. Galu, mbuzi ndi ng'ombe zidathawira kwa munthu, nyama zina zidathawira kuthengo zili ndi mkwiyo. Bilimankhwe adakwera mumtengo n'kuitana Chauta kuti amutsatire, koma Chauta adati wakalamba, sangathe kukwera. Kangaude ndiye adaluka ulusi umene adakwerera kumwamba. Ali kumeneko adalamula kuti munthu azifa n'kumupeza komweko.

Nthano imeneyi ndi yolimba mtima kuposa mmene timaiganizira. Makolo sadanene kuti Chauta ali nafe pano pabwalo. Adati adachoka, ndipo adamuthamangitsa ndi munthu mwini, ndi nzeru zake zomwe. Chipembedzo chonse cha akachisi chidamangidwa pa mpata umenewo. Amene ali kutali safikiridwa ndi aliyense. Pamafunika amkhalapakati, mizimu ya makolo ndi anthu opatulidwa, ndipo pamafunika njira yodziwika yopitira kumeneko. Mwana sabadwa akudziwa njirayo.

Mbiri ya pakamwa imati akachisi oyamba adali m'manja mwa a Banda, amene adafika m'dziko muno a Phiri asanabwere, napeza Akafula. Utsogoleri wawo udali wa akazi obwebweta, otchedwa akazi a Chisumphi, dzina lina la Chauta. A Phiri atafika kuchokera ku Uluba, ndi ufumu wa Kalonga umene likulu lake lidadzakhala ku Mankhamba pafupi ndi Mtakataka, sadagwetse akachisiwo. Adazindikira kuti mkondo ukhoza kugonjetsa mudzi koma sungagwetse mvula. Ufumu udakhala wa a Phiri, mvula ndi nthaka zidakhala za a Banda, ndipo Kalonga ankakwatira mkazi wa kwa Banda, Mwali. Kachisi wamkulu adasamuka pa Kaphirintiwa kupita ku Msinja, m'munsi mwa mapiri omwewo, m'dera limene lero lili m'boma la Lilongwe, ndipo m'masiku a ufumu wa Undi adatchuka mpaka kutali.

Zambiri za Msinja timazidziwa kuchokera kwa Samuel Ntara, mlembi wa Mbiri ya Achewa, ndi W. H. J. Rangeley, bwana wa boma la atsamunda amene adafunsa akuluakulu n'kulemba nkhani ya kachisiyu mu 1952. Mwini malo adali Makewana, mayi wa ana onse. Sankakwatiwa, poti mwamuna wake adali Chisumphi, amene ankabwera kwa iye ngati nsato yotchedwa Thunga. Pa miyambo ina, monga potseka chinamwali, m'malo mwa nsatoyo munkaima Kamundi, mwamuna wa mfunda wa Mbewe. Makewana ankavala zakuda, mtundu wa mitambo ya mvula, ndipo ankagona pa minyanga ya njovu. Tsitsi sankameta, pakuti kulimeta kukadakhala kumeta mvula. Pafupi padali dziwe lopatulika lotchedwa Malawi, m'mene amati ankalowa n'kukhalamo masiku atatu pokaitana mvula. Ankatumikiridwa ndi Matsano, atsikana ndi amayi odzipatula amene sankayenera kugona ndi mwamuna. Ng'oma yopatulika, Mbiriwiri, imene amati idalandidwa kwa Akafula, idali ndi woimba wake, Tsang'oma, ndipo uthenga wa kachisi unkapita kwa mafumu ndi amithenga ake.

Taganizirani ntchito imene idali pamenepa. Anthu onsewa ankafuna kudya, kuvala ndi pogona. Mafumu ankatumiza nsalu zakuda, ziweto zakuda, makasu ndi minyanga. Munthu wina amayenera kukumbukira kuti nsembe iyi imayamba ndi chiyani, ndani amalowa m'kachisi ndipo ndani amaima panja, ndi masiku ati amene mudzi wonse uyenera kudika. Wina amayenera kuphunzitsa mtsikana watsopano wa Matsano zonsezi. Makewana akamwalira, amayembekezera mkazi wina wogwidwa ndi mzimu, ndipo akafika akubwebweta sankangomulandira: ankamuyesa ndi mafunso achinsinsi kuti aone ngati ndi woona. Anthu okhulupirira chilichonse sayesa aneneri awo. Makolo ankadziwa bwino kuti munthu akhoza kunamizira mzimu.

Ndipo mvula ikakana ndithu? Apa ndi pamene pali phunziro lalikulu pa funso lathu. Sankati Chisumphi kulibe. Ankati wina walakwa. Mwina wina wadula mtengo m'nkhalango yopatulika, mwina wina sadadike, mwina mwazi wakhetsedwa. Ku Msinja mlandu unkagwera Tsang'oma, ndipo mbiri imati ankatha kuphedwa chifukwa cha chilala. Ndi nkhanza, tisabise. Koma taonani kumene maganizo ankathamangira. Kumwamba kukauma, funso loyamba silinkakhala lakuti chachitika n'chiyani. Linkakhala lakuti wachita ndani, ndipo wakwiya ndani. Mpaka lero maliro akagwa mwadzidzidzi, ngakhale dokotala atanena dzina la matenda, funso limene limayendayenda pa siwa ndi lomwelo.

Akatswiri a za maganizo a munthu afika pamfundo yofanana kudzera njira ina. Stewart Guthrie mu 1993 adalemba za mmene timaonera nkhope m'mitambo ndi m'zitsa. Pascal Boyer mu 2001 ndi Justin Barrett mu 2004 adafotokoza kuti ubongo wa munthu umafulumira kuganizira kuti pali wina wake kuseri kwa chochitika. Udzu ukagwedezeka, amene waganiza kuti ndi mkango pamene ili mphepo wangotaya thukuta, koma amene waganiza kuti ndi mphepo pamene uli mkango sabwerera kumudzi. Ife ndife zidzukulu za amene ankathawa. Deborah Kelemen adafunsa ana aang'ono chifukwa chimene miyala ina ilili yosongoka, ndipo ambiri adasankha yankho lakuti n'cholinga choti nyama zizidzikandirapo, osati lakuti idangopangika motero. Kwa mwana chinthu chilichonse chili ndi ntchito yake, ndipo kuchoka pamenepo kufika pa mwini ntchitoyo si patali.

Kafukufuku ameneyu ali ndi polekezera. Ana ambiri amene adafunsidwa ndi a ku America ndi ku Britain, amene dzina la Mulungu adalimva kale kunyumba kapena kusukulu. Palinso Apirahã a m'nkhalango ya Amazon ku Brazil. Daniel Everett adapita kwa iwo mu 1977 ngati mmishonale, ndipo adalemba kuti alibe nthano ya chilengedwe, komanso kuti atamva kuti iye sadamuonepo Yesu ndi maso adataya chidwi. Mapeto ake adasiya chikhulupiriro ndi Everett mwiniyo. Koma ngakhale Apirahã omwewo amakamba za mizimu ya m'nkhalango. Malinga ndi Everett, Mlengi alibe, kachisi alibe, wansembe alibe, koma wina wosaoneka woyenda m'tchire alipo.

Chimene kafukufukuyu sangathe, ndipo ofufuza ake oona mtima amavomereza, ndi kuweruza ngati Mulungu alipo kapena ayi. Barrett ndi mkhristu, ndipo kwa iye n'zomveka kuti Mlengi adaika mwa munthu khutu lomumvera. Boyer amafotokoza zonse popanda kufuna Mlengi. Umboni ndi womwewo, owerenga ndi awiri. Amene amati sayansi yatsimikiza kuti chipembedzo ndi chinyengo cha ubongo, ndi amene amati yatsimikiza kuti mwana aliyense amabadwa wokhulupirira, onsewa amalumpha mtsinje asanaufike.

Tibwerere ku Msinja. Zaka za m'ma 1800 zidabwera ndi malonda a akapolo ndi nkhondo. Angoni a Maseko atakhazikika ku Domwe cha m'ma 1870, midzi ya Achewa idabalalika, anthu adathawira m'mapiri ndi m'malinga. Msinja, malo amene kale munthu sankalowamo ndi chida, adathiridwa nkhondo n'kupasulidwa. Otumikira adamwazikana, ena adakapitiriza mwambo ku akachisi ang'onoang'ono monga wa ku phiri la Bunda. Amishoni a Dutch Reformed atafika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, ndi a White Fathers ku Mua mu 1902, adapeza kachisi wamkulu atagwa kale. Ulemerero wake sudabwererenso. Kudangotengera m'badwo umodzi kapena iwiri yosokonezeka kuti zambiri zimene Matsano ankadziwa zitsale m'mitu ya nkhalamba zowerengeka, zimene Rangeley adachita kuzifunafuna.

Kukadakhala kuti Makewana, Thunga ndi Mbiriwiri zili m'magazi, bwenzi ana obadwira m'malinga atazidzutsa okha. Sizidatero. Koma anthu omwewo sadasanduke osapembedza. Adapitiriza kuthira nsembe patsinde pa mtengo wa msolo, nyau zidapitiriza kutuluka kudambwe, ndipo amishoni atayamba kulalikira sadavutike kufotokoza kuti kuli Mlengi. Mayina adawapeza ali mbwee: Chauta, Namalenga, Mphambe, Leza, Chisumphi, Mulungu. Mkangano wawo ndi anthu udali pa zina, pa mitala, pa mowa, pa chinamwali, ndipo makamaka pa nyau, zimene zidalimbana kwambiri ndi sukulu za mishoni m'zaka za m'ma 1920. Nkhondo idali ya njira yopitira kwa Chauta ndi ya amene adzaphunzitse ana, ndipo mbali zonse ziwiri zinkadziwa kuti wogwira mwana ndiye wagwira mawa. Ansembe ankafuna mwana m'kalasi, akuluakulu a dambwe ankamufuna kudambwe.

Kumwera, ku Chigwa cha Shire, nkhani idayenda mosiyana. Kachisi wa Mbona ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, adapulumuka. Mbiri imati Mbona adali wodziwa kuitana mvula, adani ake adamuchitira nsanje, adamuthamangitsa mpaka kumupha pomudula mutu, ndipo mwazi wake udasanduka mtsinje. Mutu wake udaikidwa m'nkhalango ya Khulubvi. Kumeneko ali ndi nyumba yake, ndiponso mkazi wake, Salima, amene amati Mbona amamuyendera ngati nsato n'kumuuza za m'tsogolo kutulo. Wansembe wachikatolika Matthew Schoffeleers, amene adafufuza za Mbona zaka zambiri n'kulemba buku la River of Blood mu 1992, adaonetsa kuti nkhani ya imfa ya Mbona imasunga chikumbutso cha nthawi imene mfumu Lundu ankalanda mphamvu m'chigwamo, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1500 ndi kuchiyambi kwa za m'ma 1600. Kachisi amene adalipo kale adalowa m'manja mwa mfumu, koma anthu wamba adasunga nkhani ya munthu wosalakwa wophedwa ndi amphamvu.

Chidapulumutsa Khulubvi n'chakuti ankayankha mafunso a nthawi yake. Njala ya 1862 ndi 1863 idapha anthu osawerengeka m'chigwamo, Amakololo amene adabwera ndi David Livingstone adalanda ufumu wa Lundu, koma kachisi adamangidwanso. Chikhristu chitafika, anthu ena adayamba kumutcha Mbona kuti Yesu wakuda, mwana wa Mulungu wotumidwa kwa anthu akuda. Boma la atsamunda litakakamiza alimi kuunda mizere m'zaka za m'ma 1950, pa mkangano umene anthu amaukumbukira kuti nkhondo ya mitumbira, mawu ochokera kwa Mbona adali kumbali ya alimi okana. Kachisi wa udzu ndi mitengo sakhalitsa, amafuna kumangidwanso pakapita zaka, ndipo kuti amangidwe pamafunika mafumu agwirizane, anthu asonkhe, wina adule mitengo, wina amwete udzu. Chaka chimene anthu adzaleke kusonkha, Khulubvi idzakhala nkhalango chabe ngati zina. Mu 2011 malowa adalembedwa pa mndandanda woyembekezera wa UNESCO.

Kumbuyo kwa akachisi onsewa kuli zakale kwambiri zimene zilibe mayina. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zojambula pamiyala, amene UNESCO idawazindikira mu 2006. Zofiira ndi za Akafula, zoyera ndi za Achewa, ndipo zambiri mwa zoyerazo zimakhudza chinamwali, mvula ndi nyau. Zidajambulidwa pophunzitsa anamwali, kutanthauza kuti ngakhale phanga lidali sukulu. Ku phiri la Hora ku Mzimba, kumene J. Desmond Clark adakumba mu 1950, kudapezeka mafupa a anthu amene adaikidwa m'manda zaka zoposa 8,000 zapitazo. Mafupa sanena pemphero limene lidanenedwa pamenepo, kapena ngati lidanenedwa n'komwe. Amangoonetsa kuti alenje aja sadasiye mnzawo kuti adyedwe ndi afisi.

Kwa ine mbiri yonseyi ikuloza kumodzi. Chimene munthu amabadwa nacho ndi chaching'ono koma champhamvu: kufunsa kuti ndani, kukana kuti wakufa wangotha, ndi kufuula kwa wina pamene mphamvu zake zamuthera. Zotsalazo, dzina la woitanidwa, mtundu wa nsalu, tsiku lopatulika, ndani alowe ndipo ndani atsale panja, ndi ntchito ya mudzi, yolemetsa ndi yodula, imene imatha msanga ikasowa oisenza. Mayiko ngati Czech Republic ndi Estonia, kumene anthu ambiri lero sali m'chipembedzo chilichonse, akuonetsa kuti ana akhoza kukula bwinobwino popanda kachisi ngati sadamuone kholo akupitako. Mbewu ikhoza kukhalapo osamera.

Kuno kwathu kalembera wa 2018 adapeza kuti anthu 77 pa 100 aliwonse ndi akhristu, pafupifupi 14 ndi asilamu, awiri okha ndiwo adati alibe chipembedzo, ndipo mmodzi yekha pa 100 adati amatsata chipembedzo cha makolo. Manambalawa asatipusitse mbali zonse ziwiri. Kuchepa kwa osapembedza sikutsimikiza za chibadwa, chifukwa m'mudzi momwe maliro ako adzaimbidwa ndi mpingo, kunena poyera kuti sukhulupirira kanthu kumafuna mtima wa mkango. Nayenso mmodzi uja pa 100 sakuwerengera mkulu wa mpingo amene amapita kumanda a malume ake kukapepesa mwana akadwala, kapena mayi wa chigwirizano amene amasunga mdulo mosaphonya. Mvula ikadula mu Januwale, matchalitchi ndi mizikiti zimaitanitsa mapemphero, nthawi zina ndi boma lomwe, ndipo m'midzi ina mafumu amatuma anthu kukathira nsembe sabata yomweyo. Kawirikawiri opita uku ndi opita uko amakhala anthu amodzimodzi.